Maulendo okaphunzira za uchembere wabwino kunja: phindu lake limabwera bwanji

Kabuku kamene mayi woyembekezera wa ku Indonesia amanyamula popita ku sikelo masiku ano kadayambira pa ulendo wokaphunzira umene dotolo wina wa m'dzikolo adayenda kupita ku Japan m'chaka cha 1992. Nayo ndondomeko yosamalira malo ogwirira ntchito yotchedwa 5S, yomwe anamwino ndi madotolo a m'zipatala zambiri za boma m'dziko muno amaidziwa, idafika kuno kudzera m'maulendo a mtundu womwewu, itayamba yaonetsa zipatso pa chipatala china cha amayi mumzinda wa Colombo ku Sri Lanka.

Zitsanzo ziwirizi zikuthandiza kuyankha funso limene akuluakulu ovomereza maulendo m'maunduna amakumana nalo kawirikawiri, lakuti kodi ndalama zotumizira ogwira ntchito zaumoyo kunja zimabwerera motani kwa mayi wa kumudzi ndi khanda lake. Funsoli lidamveka kwambiri m'mwezi wa Novembala 2023 pamene yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adaimitsa maulendo akunja a ogwira ntchito m'boma mpaka mu Malichi 2024, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pamene thumba la boma lapyapyala, ulendo ulionse umayenera kuonetsa chimene wabweretsa.

Kukula kwa vuto m'dziko muno

Malinga ndi kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo yemwe ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba imachita, m'chaka cha 2000 amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Chiwerengerochi chidatsika kufika pa 984 mu 2004, pa 675 mu 2010, ndi pa 439 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Imfa za ana osakwana zaka zisanu zidatsikanso kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 alionse mu 1992 kufika pa 63 m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, ndipo pofika nthawi imeneyo amayi 91 mwa 100 alionse ankachilira kuchipatala.

Ziwerengerozi zikusonyeza kuti ntchito yokopa amayi kuti azipita kuchipatala idayenda bwino. Chotsalira chachikulu chidali chimene mayiyo amapeza akafika kumeneko: ngati pali mzamba wokwanira, magazi oonjezera kwa amene wataya ambiri, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, galimoto yomutengera ku chipatala chachikulu, komanso mbiri yolembedwa bwino ya mimba yake. Zinthu zoterezi zimamveka bwino munthu akaziona ndi maso pamene zikugwira ntchito, ndipo n'chifukwa chake mayiko amatumizirana akatswiri kuti akaone okha.

Momwe maphunzirowa amayendera

Dziko la Japan ndi limodzi mwa mayiko amene akhala akulandira ogwira ntchito m'boma a mayiko ena kwa nthawi yaitali. Lidayamba ntchitoyi litalowa mu mgwirizano wa Colombo Plan mu 1954, ndipo kuyambira 1974 maphunzirowa akhala akuyendetsedwa ndi bungwe la boma la dzikolo loona za ubale pa chitukuko la JICA. Boma la dziko lotumiza ndi limene limasankha anthu opita, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene amatumiza anthu ku maphunzirowa.

Wosankhidwayo amayenera kulemba lipoti la momwe zinthu zilili kwawo asananyamuke. Akafika amaphunzira m'kalasi, kenako amayendera maofesi a makhonsolo, zipatala ndi malo ochitira sikelo ya ana. Asanabwerere amalemba ndondomeko ya zimene akachite kwawo, ndipo amaifotokoza pamaso pa aphunzitsi ndi anzake ochokera m'mayiko ena. Cholinga cha dongosololi n'chakuti munthu afike ndi vuto lodziwika bwino ndipo achoke ndi ntchito yoti akaigwire.

Kabuku ka mayi ndi mwana ku Japan

Chimodzi mwa zinthu zimene alendo oona za uchembere amaonetsedwa ku Japan ndi kabuku ka umoyo wa mayi ndi mwana. Mayi akadziwa kuti ndi woyembekezera amakadziwitsa ofesi ya khonsolo ya dera lake, ndipo kumeneko amapatsidwa kabukuka. M'menemo mumalembedwa zotsatira za sikelo ya mayiyo, momwe adachilira, kulemera kwa mwana pobadwa, kakulidwe kake ndi katemera yense amene walandira mpaka kufika msinkhu woyamba sukulu. Muli masamba amene azaumoyo amalembamo, ena amene makolo amalembamo okha, komanso malangizo a kadyedwe ndi zizindikiro zoopsa. Kabukuka kamasungidwa kunyumba, kotero banja likasamuka mbiri yonse imasamuka nalo.

Kabukuka kadayamba mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo panthawiyo kadali ka mayi yekha. Mayi wokhala nako ankalandira gawo lapadera la zinthu zimene zinkagawidwa mwa muyezo, monga mpunga, ndipo izi zidakopa ambiri kuti alembetse mimba zawo. Mu 1948 kadakulitsidwa kuti kaphatikize mwana, ndipo lamulo la umoyo wa mayi ndi mwana la 1965 lidakhazikitsa udindo wa boma pa kabukuka. Lamuloli limalamulanso kuti ana aziunikidwa pa msinkhu wa chaka chimodzi ndi theka komanso wa zaka zitatu.

Mu 1947 makanda pafupifupi 77 mwa 1,000 alionse ankamwalira ku Japan asanakwanitse chaka, chiwerengero chofanana ndi cha Malawi mu 2004, chomwe chidali 76. Pofika 1960 chidatsika kufika pafupifupi 31, ndipo m'zaka zaposachedwapa chakhala chosakwana 2. Kutsikaku kudayamba dzikolo lisanalemere monga likudziwikira lero, ndipo mbali imeneyi ya mbiri yake ndi imene imapindulitsa kwambiri mlendo wochokera m'dziko losauka.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mudzi wa Sawauchi m'chigawo cha Iwate, womwe tsopano uli mbali ya tauni ya Nishiwaga. Mudziwu udali wosauka ndipo m'nyengo yozizira misewu yake inkatsekedwa ndi chipale chofewa kwa miyezi ingapo. Masao Fukazawa atasankhidwa kukhala mkulu wa mudziwo mu 1957, khonsolo idalemba ntchito anamwino oyendera mabanja, idapeza makina otsegulira msewu, ndipo mu 1961 idayamba kulipirira chithandizo cha makanda kuchipatala. M'chaka cha 1962 palibe khanda ndi limodzi lomwe limene lidamwalira m'mudziwo. Zonsezi zidachokera ku ziganizo za khonsolo ya mudzi, ndipo ndi nkhani imene bwanamkubwa kapena mkulu wa zaumoyo m'boma lililonse angaimvetse mosavuta: msewu, namwino wofika pakhomo ndi kuchotsa mtengo wa chithandizo.

Indonesia idatenga zaka khumi

Dotolo wa ku Indonesia amene adaona kabukuka mu 1992 adabwerera kwawo ndi maganizo oti kayesedwe. Panthawiyo amayi a m'dzikolo ankakhala ndi makhadi angapo osiyana, ina ya mimba, ina ya kulemera kwa mwana, ina ya katemera, ndipo makhadiwo ankatayika mosavuta. Mu 1994, mothandizana ndi JICA, kabuku koyamba kadayesedwa mumzinda wa Salatiga m'chigawo cha Central Java.

Akatswiri a ku Indonesia adalemba kabuku kawokawo m'malo momasulira ka ku Japan. Adagwiritsa ntchito chiyankhulo cha dzikolo, adachepetsa mawu n'kuchulukitsa zithunzi poganizira amayi ovutika kuwerenga, ndipo adakakonza kuti kazigwiritsidwa ntchito ndi azamba a m'midzi komanso anthu ongodzipereka amene amayendetsa sikelo za m'madera. Kuchokera ku Salatiga kadafalikira m'zigawo zina pang'onopang'ono, mpaka mu 2004 pamene nduna ya zaumoyo idalamula kuti kabukuka, kotchedwa Buku KIA, kagwiritsidwe ntchito m'dziko lonse.

Kuchokera pa kuyesa koyamba kufika pa lamulo la nduna padadutsa zaka khumi. M'zaka zimenezi padafunika kuphunzitsa azamba, kugwirizanitsa nthambi za unduna zimene iliyonse idali ndi khadi yakeyake, kukambirana ndi mabungwe othandiza kuti asiye kusindikiza makhadi awo, ndiponso kupeza ndalama zosindikizira timabuku tokwanira amayi mamiliyoni chaka chilichonse. Kuyambira 2007 Indonesia nayo idayamba kulandira ogwira ntchito zaumoyo a mayiko ena odzaphunzira za kabukuka. Mu Africa muno, Kenya idakhazikitsa kabuku kake kophatikiza mayi ndi mwana mu 2010, ndipo Ghana idachita chimodzimodzi mu 2018.

Phindu la kabukuka lidayesedwanso mwa kafukufuku. M'chigawo cha Bulgan ku Mongolia, kafukufuku yemwe zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2015 adapeza kuti amayi amene adapatsidwa kabukuka ankapita ku sikelo kangapo kuposa anzawo. Mu 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalimbikitsa mayiko kugwiritsa ntchito mabuku a zaumoyo osungidwa kunyumba, ngakhale lidanenanso kuti padalibe umboni wokwanira wosonyeza kuti mtundu wina wa buku ndi woposa unzake.

Mfundo yomalizayi ikukhudza Malawi mwachindunji, chifukwa dziko lino lili kale ndi mabuku a kuchipatala, la mayi palokha ndi la mwana palokha. Mkulu wa kuno wopita ku Japan kapena ku Indonesia angapindule kwambiri pofufuza momwe mabukuwo amasindikizidwira osatha m'zipatala, amene amalipira mtengo wake, momwe azaumoyo amayang'aniridwira kuti azilembamo mokwanira, ndiponso momwe mbiri ya mayi, monga zotsatira za kuyezetsa HIV, imalumikizidwira ndi chisamaliro cha mwana wake.

Zimene alendo amaona ku Sri Lanka

Sri Lanka imakopa ophunzira chifukwa idachepetsa imfa za amayi isanakhale dziko lolemera. Cha m'ma 1950 amayi pakati pa 500 ndi 600 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, pamene m'zaka zambiri za m'ma 2010 chiwerengerochi chidali pakati pa 30 ndi 40. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idasindikiza lipoti mu 2003 lofotokoza momwe Sri Lanka ndi Malaysia adachitira zimenezi.

Maziko a dongosolo la dzikolo adaikidwa mu 1926 pamene ofesi yoyamba ya zaumoyo ya m'dera idatsegulidwa ku Kalutara. Kuchokera pamenepo dziko lonse lidagawidwa m'madera, lililonse ndi dotolo woyang'anira ntchito zopewa matenda, ndipo pansi pake pali azamba a boma. Mzamba aliyense amapatsidwa dera la anthu zikwi zochepa. Amasunga kaundula wa mabanja, amalembetsa mayi mimba ikadali yaing'ono, amamuyendera kunyumba, amamutumiza ku chipatala choyenera ngati pali choopsa, ndipo amamuyenderanso akachira. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, ndipo pafupifupi mayi aliyense amachilira kuchipatala.

Chinthu china chimene alendo amachita nacho chidwi ndi kuunika imfa. Mayi akamwalira pa zifukwa za uchembere, imfayo imanenedwa kwa akuluakulu mwachangu, imafufuzidwa kuchipatala ndi kumudzi komwe, kenako imakambidwa pa misonkhano imene nthambi ya unduna yoona za umoyo wa mabanja imatsogolera. Zofooka zimene zapezeka zimasanduka malangizo atsopano. Maphunziro aulere, omwe dzikolo lidakhazikitsa mu 1945, adathandizanso chifukwa amayi ambiri amatha kuwerenga ndi kufunsa.

Apa mlendo wochokera ku Malawi amayenera kufananiza mosamala. Dziko lino lili ndi alangizi a zaumoyo m'midzi, ndipo cholinga cha boma n'chakuti mlangizi mmodzi azitumikira anthu 1,000. Koma mlangizi si mzamba, ndipo ntchito zake n'zambiri, kuyambira katemera ndi ukhondo mpaka kuthandiza ana odwala m'zipatala za m'midzi. Sri Lanka ndi chilumba chokhala ndi misewu ndi zipatala zoyandikana. Chotengeka mosavuta ndi mwambo wa kaundula, kuyendera mayi m'masiku oyamba atachira, ndi kuonetsetsa kuti zimene zapezeka pounika imfa zatsatiridwa.

Njira ya 5S kuchokera ku Colombo kufika ku Dowa

Ulendo umene zotsatira zake zidaoneka m'dziko muno ndi wokhudza 5S. Ndondomekoyi idayambira m'mafakitale a ku Japan, ndipo dzina lake likuchokera ku mawu asanu a Chijapani oyamba ndi chilembo cha S. Tanthauzo lake ndi kuchotsa zosafunika pamalo ogwirira ntchito, kuika chinthu chilichonse pamalo ake odziwika, kuyeretsa, kukhazikitsa muyezo woti onse azitsatira, ndi kusunga mwambowo tsiku ndi tsiku.

M'chaka cha 2000 Dr. Wimal Karandagoda, yemwe adali mkulu wa chipatala cha amayi cha Castle Street ku Colombo, adayamba kugwiritsa ntchito ndondomekoyi pa chipatalacho, ndipo ukhondo ndi kayendedwe ka ntchito zidasintha moti chipatalacho chidatchuka m'dziko lonselo. Mu 2007 JICA idayamba ntchito yotengera luso limeneli ku Africa, ndipo akuluakulu a zaumoyo ochokera m'mayiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Malawi, Tanzania, Kenya ndi Uganda, adapita ku Japan ndi ku Sri Lanka kukaona. Kuno kwathu zipatala za Dowa ndi Mzimba zidali m'gulu la zoyamba kuiyesa, isanafalikire m'zipatala zina. Ku Tanzania chipatala chachikulu cha Mbeya chidachita bwino kwambiri mpaka chidasanduka malo ophunzirirapo a mayiko oyandikana nawo.

M'chipinda chochilira amayi phindu la ndondomekoyi limaoneka pa nthawi ya ngozi. Mayi akayamba kutaya magazi atangobereka, mphindi zimene namwino angataye pofunafuna mankhwala, jakisoni kapena botolo la madzi a m'mitsempha zikhoza kutengetsa moyo. Ndondomekoyi idatheka kuyamba msanga chifukwa sinkafuna makina odula, ndipo mkulu wa chipatala akanatha kuiyambitsa ndi mphamvu zimene adali nazo kale. Komabe 5S payokha siyibweretsa mzamba pamene palibe, ndipo imazilala mkulu amene adaiyambitsa akasamutsidwa asanakonzekeretse omulowa m'malo.

Zimene zimasiyanitsa ulendo wopindulitsa

Pa zitsanzo zonsezi pali mfundo zingapo zimene ovomereza maulendo angaziganizire. Yoyamba ndi kusankha munthu. Wopitayo ayenera kukhala amene ntchitoyo ili m'manja mwake, ndipo akhalebe pa udindowo kwa nthawi yokwanira akabwerako. Zimathandiza kutumiza pamodzi wa ku likulu la unduna, amene angasinthe ndondomeko, ndi wa kuchipatala, amene angaiyese. Ulendo ukaperekedwa ngati mphotho kapena chifukwa cha ndalama za alawansi, lipoti limalembedwa koma chipatala chimakhala momwe chidalili.

Yachiwiri ndi funso limene munthu wanyamula. Akatswiri a za uchembere amagwiritsa ntchito mfundo ya kuchedwa kutatu, yomwe Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine adafotokoza mu 1994: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira chithandizo choyenera munthu atafika. Mkulu amene akudziwa kuti m'boma lake amayi ambiri akufera pa kuchedwa kwachitatu adzapempha kuona nkhokwe ya magazi, kagawidwe ka ntchito za usiku ndi kaundula wa mankhwala, m'malo mongoyendera nyumba zokongola.

Yachitatu ndi kusankha kopita. Dziko lolemera limaphunzitsa zambiri kudzera m'mbiri yake, koma zimene likuchita lero nthawi zambiri zimadalira ndalama zimene mlendoyo alibe. N'chifukwa chake maphunziro ambiri adasamukira ku Indonesia, Sri Lanka ndi Tanzania, kumene mavuto a kuchepa kwa ogwira ntchito ndi zipangizo amafanana ndi a kuno, ndipo mtengo wa ulendo umatsikirako.

Yachinayi ndi zochitika munthu akabwerako. Ndondomeko imene adalemba imafunika kukambidwa ndi akuluakulu ake, kupatsidwa malo amodzi oyeserapo, kulowetsedwa m'ndondomeko ya zachuma ya chaka chotsatira, ndi kuunikidwa pakapita miyezi. Ku Indonesia ulendo umodzi udatsatiridwa ndi zaka khumi za ntchito yotere.

Malawi nayo idaphunzitsapo ena

Luso pa za uchembere limayenda mbali zonse. Njira yosamalira ana obadwa masiku asanakwane powafungatira pachifuwa cha mayi, yotchedwa kangaroo, idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo chipatala chachikulu cha Zomba chidaikhazikitsa mu 1999, isanafalikire m'zipatala zina za m'dziko muno. Mu 2011 Malawi idakhala dziko loyamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV, ndondomeko yotchedwa Option B+, ndipo bungwe la WHO ndi mayiko ambiri adaitengera pambuyo pake.

Mayiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana mu 2015 kuti pofika 2030 imfa za amayi pa dziko lonse zikhale zosakwana 70 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndiponso kuti m'dziko lililonse imfa za ana a m'chikuta zisapitirire 12, ndipo za ana osakwana zaka zisanu zisapitirire 25, mwa ana 1,000 alionse. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene adavomereza zolingazi.